Chingwe cha mu ambulansi chinachokera kundende

Mu 1910 boma la atsamunda linatsegula malo oyamba osungirako anthu odwala misala m'dziko muno. Malowa anali mbali imodzi ya ndende yaikulu ya Zomba, ndipo amene ankayang'anira odwalawo anali alonda omwewo amene ankalondera akuba ndi opha anthu. Zinthu zinakhala choncho kwa zaka 41, mpaka mu 1951 pamene malowa anachotsedwa m'manja mwa nthambi ya ndende n'kuperekedwa ku nthambi ya zaumoyo. Ndayambira pamenepa chifukwa pali funso limene ndikufuna tikambirane: dalaivala ndi namwino wa mu ambulansi timawateteza bwanji akanyamula munthu amene mutu wasokonekera? Yankho limene ambiri timathamangira linabadwira mkati mwa mpanda wa ndende imeneyo.

Tisanamizane, ngozi ilipo. Ambulansi zathu zambiri ndi ma Land Cruiser aja a zitseko ziwiri kumbuyo, ndipo nthawi zambiri sipakhala chotchinga pakati pa dalaivala ndi anthu okhala kumbuyoko. Munthu amene akumva mawu omuuza kuti akupita naye kokamupha angathe kudumphira pakhosi pa dalaivala galimoto ili pa liwiro. Angathe kutsegula chitseko n'kudziponya pamsewu, kapena kuluma namwino amene akumugwira. Namwinoyo kawirikawiri amakhala mmodzi, mwinanso mtsikana wa msinkhu wathu womwewu amene wangomaliza kumene maphunziro. Amene amakonda kulankhula za ufulu wa odwala koma osafuna kumva zimenezi sanakhalepo kumbuyo kwa galimoto yotere. Koma mukafunsa anthu kuti nanga titani, mayankho amabwera atatu omwewo: mmangeni, itanani apolisi, mbayeni jakisoni agone. Maganizo anga ndi oti awiri oyambawo ndi cholowa cha 1910, ndipo nthawi zambiri amaika ogwira ntchito pa ngozi yoposa imene akufuna kuithawa.

Kwathu ndi kufupi ndi Embangweni, kummwera kwa boma la Mzimba, m'dera la Inkosi Mzukuzuku, choncho ndiyeza nkhaniyi ndi msewu umene ndimaudziwa.

Mu 1902 m'busa Donald Fraser wa mishoni ya Livingstonia anasamutsa sitesheni yake kuchoka ku Hora kudzakhazikika ku Embangweni, ndipo anaitcha Loudon. Mkazi wake, Agnes Fraser, anali dokotala, ndipo ntchito ya chipatala chimene tikuchiona lero inayambira m'manja mwake. Odwala malungo, a zilonda ndi amayi ovutika pobereka ankabwera wapansi kapena atanyamulidwa pa machila. Patangopita zaka ziwiri, mu 1904, Alfred Sharpe anakumana ndi mafumu a Angoni ku Ekwendeni, ndipo dziko la M'mbelwa linalowa pansi pa ulamuliro wa Britain. Choncho m'zaka zochepa zokha dera lathu linalandira nyumba ziwiri zatsopano, chipatala cha mishoni ndi Boma. Munthu wodwala thupi njira yake inali ya kuchipatala. Wodwala mutu, akafika povuta anthu, njira yake inali ya ku Boma.

Ambiri mwa odwala mutu sankapita kulikonse mwa malo awiriwa. Ankakhala kumudzi. Atumbuka amasiyanitsa vifusi, yomwe ndi misala yeniyeni, ndi vimbuza, matenda a mizimu amene amachizidwa ndi ng'oma, nyimbo ndi kuvina usiku wonse pamaso pa abale. Amishoni ankadana nawo gule ameneyu. Lero ndi gule yemweyo amene bungwe la UNESCO linamuika mu 2005 pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu a dziko lonse, ndipo Pulofesa Boston Soko analemba buku lathunthu lonena za iye. Sindikufuna kukometsa zakale. Kumudzi komweko anthu ena odwala vifusi ankamangiriridwa kumtengo kapena kutsekeredwa m'kanyumba kwa miyezi, ndipo mchitidwewu sunathe pa dziko lapansi: lipoti la Human Rights Watch la mu 2020 linapeza anthu omangidwa maunyolo chifukwa cha matenda a maganizo m'mayiko 60. Koma pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna muchione. Wodwala akamapita kwa ng'anga, omuperekeza anali anthu omudziwa dzina, odziwa chimene chimamukwiyitsa ndi amene amamumvera akalankhula. Ulendo unali waufupi.

Wa ku Zomba unali wamtundu wina. Megan Vaughan, katswiri wa mbiri amene analemba za malo a ku Zomba aja mu 1983, anaonetsa kuti atsamunda analibe chidwi kapena ndalama zosonkhanitsira odwala onse. Amene ankafika kumeneko anali makamaka amene apalamula mlandu kapena amene akuoneka kuti ndi oopsa kwa anthu ena. Khomo lolowera linali la woweruza milandu, ndipo woperekeza anali wapolisi kapena mesenjala wa Boma. Taganizirani munthu wochokera ku Mzimba masiku amenewo. Njira yodziwika yopitira kummwera inali kutsika wapansi mpaka kunyanja, kukwera sitima ya pamadzi kukafika ku Fort Johnston, komwe lero ndi Mangochi, kenako kuyambanso mtunda mpaka ku Zomba. Ulendo wa masiku ambirimbiri, ndi munthu wamantha, wosagona, wozunguliridwa ndi alendo a yunifolomu, kupita kudera kumene anthu salankhula Chitumbuka. Woperekezayo sanaphunzitsidwe kanthu za matendawa. Ntchito yake inali yoti mkaidi asathawe, ndipo chida chake chinali chingwe ndi unyolo. Pa ulendo wotero chingwe chinali ndi nzeru yake, ndipo sindimuda mesenjala amene ankachigwiritsa ntchito. Chondidabwitsa n'choti tinasintha machila kukhala Land Cruiser koma chingwecho tinasamuka nacho.

Pakati pa zaka za m'ma 1930 madokotala awiri a boma, Shelley ndi Watson, anachita kafukufuku wa odwala a ku Zomba ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 1936. Ganizo lofala pakati pa madokotala a atsamunda linali loti munthu wakuda amapenga akatalikirana ndi mudzi wake n'kumeza maphunziro ndi makhalidwe a Azungu. Mwa kuwerengera kwawoko, ife a pa yunivesite ndiye tikanakhala oyamba pamzere. Nkhaniyi imaseketsa, koma ikuonetsa kuti chidwi chawo chinali pa kufotokoza chifukwa chake Mwafirika amapenga, osati pa mmene munthu wodwala angasamalidwire kuyambira pakhomo pake mpaka pa bedi la chipatala.

Lamulo la Mental Treatment Act linabwera mu 1948, ndipo chipatala chatsopano cha Zomba Mental chinatsegulidwa mu 1953. Chaka chimodzi izi zisanachitike, mu 1952, madokotala awiri a ku Paris, Jean Delay ndi Pierre Deniker, anali ataonetsa kuti mankhwala otchedwa chlorpromazine amakhazika mtima pansi munthu wosokonezeka kwambiri. Ndiwo amene ambiri amawadziwa ndi dzina loti Largactil. Jakisoni uja wa yankho lachitatu anayambira pamenepa. Ufulu wodzilamulira unabwera mu 1964, koma mapu sanasinthe: chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo chinali chimodzi, ku Zomba, mtunda wa makilomita oposa 500 kuchokera ku Embangweni kudzera ku Jenda, Kasungu ndi Lilongwe.

Kusintha kwakukulu kwa ogwira ntchito a kumpoto kunabwera ndi anthu amene sanabwere n'cholinga choteteza madalaivala. Mu 1993 abale a chipani cha Katolika cha St John of God anafika ku Mzuzu n'kuyamba ntchito yothandiza odwala matenda a maganizo. Anamanga malo ogonekapo odwala, anayamba kuyendera anthu m'madera, ndipo kenako anatsegula koleji yophunzitsa anamwino ndi ma clinical officer a matenda amenewa. Ulendo wochoka kummwera kwa Mzimba, umene unali wa tsiku lathunthu kapena kuposera, unasanduka wa maola ochepa. Aliyense amene anakhalapo pafupi ndi munthu wosokonezeka amadziwa tanthauzo la zimenezi. Ola lililonse pamsewu ndi ola limene mankhwala akutha mphamvu m'thupi, wodwala akumva ludzu ndi kufuna kutaya madzi, namwino akutopa, dalaivala akuwodzera. Pa zonse zimene zachitika kuyambira 1910, sindikuona china chimene chinachotsera woperekeza ngozi yochuluka kuposa kufupika kwa msewuku.

Tsopano chifukwa chake ndikuti chingwe chimaika wogwira ntchito pa ngozi. Choyamba, nkhondo yaikulu imachitika pa nthawi yomanga. Munthu amene anali kungolankhula yekha, akaona amuna asanu akumuyandikira ndi chingwe cha ng'ombe, zonse zimene mawu a m'mutu mwake ankamuuza zimatsimikizika. Amamenya pofuna kupulumutsa moyo wake, ndipo amakwera galimoto ali ndi chidani ndi aliyense amene ali m'menemo. Chachiwiri n'choopsa kwambiri. Munthu womangidwa manja kumbuyo, wogonekedwa chafufumimba pansi pa galimoto, wina atamukhalira pamsana, amalephera kupuma bwino, ndipo angathe kufa mwakachetechete omuperekeza akuganiza kuti wagona. Ngoziyi imakula ngati wabayidwanso mankhwala ogonetsa monga diazepam, amene amachepetsa kapumidwe, makamaka mwa munthu amene wamwa mowa. Chlorpromazine nayenso amagwetsa kuthamanga kwa magazi. Mankhwalawa ali ndi malo ake, ndipo pali odwala amene sangayende popanda iwo, koma amafuna munthu wophunzira amene akhale pambali pa wodwala ulendo wonse, akumuyang'ana kapumidwe, atamugoneka cham'mbali.

Ku England anaphunzira zimenezi ndi maliro. Mu 1998 David Bennett anafera m'chipatala cha matenda a maganizo ku Norwich, anamwino atamupanikiza chafufumimba kwa mphindi pafupifupi 25. Mu 2010 Olaseni Lewis, mnyamata wa zaka 23 amene anali atamaliza maphunziro a ukachenjede, anapita yekha kukafuna thandizo ndipo anamwalira apolisi 11 atamupanikiza pa chipatala cha Bethlem Royal ku London. Onse awiri anali anthu akuda. Mu 2018 nyumba ya malamulo ya kumeneko inakhazikitsa malamulo awiri amene ndimakonda kuwaika pamodzi. Lina linakweza chilango cha womenya wogwira ntchito za pangozi, kuphatikizapo a mu ambulansi, kuchoka pa miyezi 6 kufika pa 12. Linalo, limene amalitcha Seni's Law pokumbukira Lewis, linalamula kuti zipatala za matenda a maganizo ziziphunzitsa antchito awo ndiponso zizilemba nthawi iliyonse imene zagwiritsa ntchito mphamvu pa wodwala. Lamulo loyambalo lingamuopseze chidakwa cha pa bala. Munthu amene akukhulupirira kuti dalaivala ndi mfiti yomutengera kumanda sawerengera miyezi ya kundende. Pa nkhani yathuyi lachiwirilo ndiye lothandiza. Ndipo si nzeru yatsopano kumeneko: mu 1839 John Conolly anachotsa zomangira odwala pa chipatala chachikulu cha Hanwell pafupi ndi London, m'malo mwake n'kudalira osamalira odwala ochuluka ndi oyang'aniridwa bwino. Izi zinachitika zaka 71 Angerezi omwewo asanatitsegulire chipinda cha m'ndende ya Zomba.

Wodwala akafera mu ambulansi ali ndi zipsera za chingwe m'mikono, amene atsike naye ndi dalaivala ndi namwino. Ndi iwo amene ayang'anizane ndi abale, apolisi ndi khamu la anthu. Ndipo tikudziwa mmene khamu limachitira kuno kwathu. Mu 2017, mphekesera za anamapopa zitabuka ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, ogwira ntchito zaumoyo ndi magalimoto awo anasanduka okayikiridwa, bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena, ndipo ku Blantyre khamu linapha mnyamata wodwala khunyu. Wodwala ndi womunyamula anapezeka mbali imodzi ya mwala.

Palinso mfundo ina imene anzathu a zaumoyo amaidziwa koma ife a mbiri ndi malamulo timaidumpha. Si aliyense wobwebweta ndi kumenya anthu amene akudwala misala. Malungo okwera kumutu, matenda oumitsa khosi, kutsika kwa shuga m'magazi, kuvulala m'mutu, kusokonezeka kobwera munthu akangogwa khunyu, ngakhale kusiya kachasu mwadzidzidzi kwa munthu womwa tsiku lililonse, zonsezi zimaoneka ngati misala. Munthu wotere akamangidwa n'kuyamba naye ulendo wautali, nthawi yomupulumutsa imathera pamsewu. Kumuyeza kutentha kwa thupi, malungo ndi shuga asananyamuke kumatenga mphindi zochepa, ndipo nthawi zina kumathetsa ulendowo usanayambe.

Munthu amene mbiri yonseyi imamuiwala ndi dalaivala. M'mabuku a amishoni muli mayina a madokotala ndi abusa, koma onyamula machila ambiri amangotchulidwa mwa chiwerengero. Dalaivala wa ambulansi ndi mdzukulu wawo pa ntchito. Malume anga anayendetsapo ambulansi kwa zaka zingapo pa chipatala china chimene sinditchula. Amati pa kalata yawo ya ntchito panalembedwa kuyendetsa galimoto basi, koma pofika pamudzi anthu onse ankayang'ana iwo kuti ndiwo ayambe kumugwira wodwala, poti ndiwo anali mwamuna wa yunifolomu. Palibe anawaphunzitsapo kalankhulidwe ndi munthu wosokonezeka. Zimene ankadziwa anaziphunzira ndi mabala: kuzimitsa sairini asanalowe m'mudzi, kuuza khamu kuti libwerere m'mbuyo, kumutchula wodwala ndi chiwongo chake, kumufunsa ngati wadya, ndi kuchotsa jeke ndi sipanala kumbuyo asanamukweze. Anaphunziranso kuti gadiyani woyenera kukwera ndi amene wodwala amamukhulupirira, amene nthawi zambiri amakhala mayi kapena azakhali okalamba, pomwe achibale amakonda kusankha mnyamata wamphamvu yemwe wangomaliza kumumanga. Tsiku lina atalumidwa padzanja anangotsukapo ndi sopo n'kupitiriza ulendo, ndipo palibe pamene zinalembedwa.

Kusalembaku ndi vuto lalikulu kuposa mmene limaonekera. Gawo 31 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa wogwira ntchito aliyense ufulu wogwira ntchito motetezeka. Tili ndi lamulo la chitetezo ndi umoyo wa pantchito la 1997, ndiponso la chipukuta misozi cha ovulala pantchito la 2000. Koma bala limene silinalembedwe silingalipiridwe, ndipo woyang'anira chipatala amene alibe kaundula wa zochitika za mu ambulansi alibe chomukakamiza kugula chotchinga cha waya kuseri kwa mpando wa dalaivala kapena kutumiza anthu awiri kumbuyo m'malo mwa mmodzi. Gawo 19 la malamulo omwewo limateteza ulemu wa munthu aliyense ndipo limaletsa nkhanza ndi kunyozetsa. Anthu amakonda kuwaika magawo awiriwa ngati olimbana, ngati kuti ulemu wa wodwala umagulidwa ndi magazi a namwino. Mu ambulansi ya kumudzi ine ndimaona kuti zimene zimakwaniritsa gawo limodzi ndi zomwezo zimene zimakwaniritsa linalo.

Ena anganene kuti tichite ngati ku Stockholm, kumene kuyambira mu 2015 kuli ambulansi yapadera ya matenda a maganizo, yoyenda ndi anamwino awiri odziwa za matendawa pamodzi ndi dalaivala. Ndi chinthu chabwino, koma boma lalikulu ngati Mzimba, kumene ambulansi imodzi imayembekezeredwa ndi amayi oyembekezera a zipatala zing'onozing'ono zingapo ndipo mafuta amachita kupempha, silingayambire pamenepo. Ngakhale pamene boma linayambitsa ambulansi zapadera pa msewu wa M1 pakati pa Blantyre ndi Lilongwe ndi thandizo la World Bank, maso anali pa ngozi za pamsewu. Mapangano amene boma limachita ndi zipatala za CHAM, gulu limene chipatala cha Embangweni chilimo, nawonso akhala akutsamira kwambiri pa amayi oyembekezera ndi ana. Sindikutsutsa zimenezo. Ndikungoti wodwala mutu ndi omunyamula sanakhalepo pamwamba pa mndandanda wa wina aliyense.

Zimene zingatheke kwathu n'zotsika mtengo. Maphunziro a masiku ochepa a madalaivala ndi ogwira ntchito m'mawodi, ophunzitsidwa ndi anamwino amene koleji ya ku Mzuzu yatulutsa kale. Kuimba foni kuchipatala cholandira musananyamuke. Kuyenda masana ngati wodwala angadikire, chifukwa amene anadutsapo ku Chikangawa usiku kuli chifunga amadziwa kuti dalaivala sangagawe maso ake pakati pa msewu ndi kalilole woonera kumbuyo. Apolisi aziitanidwa pamene pali chikwanje kapena mpeni, ndipo akathandiza kuchotsa chidacho udindo ubwerere kwa namwino. Ngati kumanga sikungapeweke, zikhale zomangira zofewa, munthu atagona chagada kapena cham'mbali pa machira, kwa nthawi yochepa, ndipo zilembedwe. Mu 2025 aphungu a Nyumba ya Malamulo anavomereza lamulo latsopano la umoyo wa maganizo lolowa m'malo mwa lija la 1948, patatha zaka 77. Anzanga ophunzira zamalamulo, poliwerenga muziyang'ananso zimene ndondomeko zake zidzanene za maola a pakati pa mudzi ndi chipatala, chifukwa malamulo otere amakonda kuyambira pa geti la chipatala.

Ndipo msewu ungathe kufupikanso. Bungwe la WHO linayambitsa pulogalamu ya mhGAP mu 2008 n'cholinga choti anamwino ndi madokotala wamba a m'zipatala zing'onozing'ono azitha kuzindikira ndi kuthandiza matenda a maganizo pomwepo. Ambiri mwa anthu amene amanyamulidwa atamangidwa si odwala atsopano. Ndi anthu amene anali bwino, akulima fodya ndi chimanga chawo, mpaka mankhwala atawathera kapena atasiya kumwa popanda wowayendera. Munthu yemwe anapita ku Mzuzu atazingidwa zingwe amabwerera pakatha masabata angapo pa minibasi, n'kutsikira pa Jenda ndi gadiyani wake, atakhala mpando umodzi ndi inu ndi ine, kapepala ka mankhwala a mwezi umodzi kali m'thumba. Zoti dalaivala wina adzapitanso kukamutenga usiku zimadalira ngati mwezi wotsatirawo adzawapeze mankhwalawo pa chipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwawo.